Tsiku Limene Agogo Anga Anapezeka ku Australia

Azakhali anabwera ku Lilongwe kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anagona kwathu masiku anayi. Usiku wachiwiri, titatha kudya, ndinati ndiwaonetse ntchito imene inkandidyera tulo miyezi imeneyo. Ndinakankhira mbale pambali, n'kutsegula laputopu pomwepo patebulo.

"Azakhali, taonani mapu awa. Kadontho kalikonse kofiiraka ndi malo amene munthu wakwathu anakagwirako ntchito kalekale. Ndikalemba dzina la agogo, ationetsa kumene anali."

Anasendera pafupi, magalasi atsopano ali pamphuno. Ndinalemba dzina la bambo awo. Mapu anayamba kuyenda. Malawi anachepa n'kusowa, Mozambique anadutsa, Madagascar anadutsa, kenako sikirini yonse inangokhala madzi okhaokha. Kadontho kanakaima pakati pa dziko lina lalikulu lachipululu.

"Kumeneko ndi kuti?"

Ndinameza malovu. "Ndi ku Australia."

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana ine osati kompyuta.

"Iwe mwana, bambo anga anayenda pansi kuchoka ku Mchinji mpaka ku Fort Jameson, kumeneko n'kukwera lole. Nyanja yonseyi anaiwolokera pati?"

Anaseka mpaka misozi, maso omwewo amene adokotala anati asamawatikite. Ine ndinasekako pang'ono chifukwa cha ulemu, koma mumtima munali moto. Mapu amenewo anali atakhala pa intaneti masiku asanu, aliyense akuwaona.

## Tinayamba ndi zitupa

Webusayiti yathu inabadwira m'gulu la pa WhatsApp la zidzukulu za anthu amene anapita ku Joni, ku Halale ndi ku migodi ya ku Zambia. Munthu ankangojambula zimene wapeza m'sutikesi ya malemu n'kuponya m'gulumo: chitupa chothothoka m'mbali, khadi la Wenela (bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni), kalata yolembedwa ndi pensulo, chithunzi cha bambo atavala suti ataimirira pambali pa njinga. Foni ikatayika, zonse zinkatayika nayo. N'chifukwa chake tinagwirizana zoika zinthuzi pamalo amodzi, ndipo poti ine ndi amene ndinkaoneka ngati ndimadziwako za makompyuta, ntchito inagwera ine.

Munthu aliyense ali ndi tsamba lake. Dzina, kwawo, kumene anakagwira ntchito, chaka chimene anachoka, ndipo ngati anabwerera kapena anachona. Ena anapita kudzera kwa Wenela, ena kwa Mthandizi kukalima m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena anangodziyendera okha. Masamba atafika mazana angapo, vuto linaonekera pamalo amene sindinkayembekezera: kabokosi kofufuzira.

Mukalemba "Nkhotakota" mumapeza anthu ochepa chabe. Koma ine ndinkadziwa kuti a ku Nkhotakota alimo ambiri, chifukwa ndinawalowetsa ndi manja anga. Kungoti pa chitupa china panalembedwa "Kota Kota", pa china "Kotakota", mdzukulu wina analemba "Nkhota Kota", wina "KK" ngati akulembera mnzake meseji. Kwa kompyuta, amenewa ndi malo asanu osiyana.

Ndipo amenewo ndi osavuta, poti mayinawo amafananako. Nanga Fort Johnston ndi Mangochi? Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Fort Manning ndi Mchinji kwathu, Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje. Ukawoloka malire zimapitirira: Fort Jameson ndi Chipata, Wankie ndi Hwange, Gatooma ndi Kadoma, Shabani ndi Zvishavane, Vila Coutinho ndi Ulongwe. Makolo athu anachoka m'dziko lina la mayina, zidzukulu tikuwafunafuna tili m'dziko linanso la mayina, chonsecho nthaka ndi yomweyo.

## Nambala imodzi, mayina ambiri

Mnyamata wina wa m'gulu lathu, amene amakhala ku Cape Town, ndi amene anandiuza za Wikidata. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi Wikipedia yomweyo. Ndi pachibale ndithu, koma ntchito ndi yosiyana. Wikipedia ili ndi nkhani zoti munthu awerenge. Wikidata, imene inayamba mu 2012, ndi nkhokwe ya mfundo zifupizifupi zoti ngakhale makina azitha kuwerenga, ndipo aliyense akhoza kutapamo kapena kuwonjezeramo kwaulere. Muli zinthu zoposa 100 miliyoni: mizinda, mitsinje, anthu otchuka, migodi, zilankhulo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chinthu chilichonse m'menemo chili ndi nambala yake yoyamba ndi chilembo Q. Dziko la Malawi ndi Q1020. Mulitchule m'Chingerezi, m'Chiarabu kapena m'Chitchaina, nambala ndi yomweyo. Pansi pa nambalayo pamakhala dzina la chinthucho m'zilankhulo zosiyanasiyana, mayina ena amene chimadziwika nawo, dziko limene chili, manambala a malo ake pa mapu, komanso manambala ake m'nkhokwe zina monga GeoNames.

Ndinaona kuti ndi nzeru ya chitupa yomwe ija. Abwana a pamgodi ankalephera kutchula mayina a makolo athu, ankawalemba mokhotakhota, koma nambala ya munthu sinkasintha. Zinandiwawa pang'ono kuti njira imene ankawerengera makolo athu ngati katundu ndi yomwe ikanandithandiza kuwapeza. Komabe ndinaitenga, kungoti nambala ndinkafuna kupereka kwa malo, osati kwa anthu.

Ganizo linali lophweka. Tsamba lililonse likati "Kota Kota" kapena "KK", kuseri kwake ndimangirireko nambala ya Nkhotakota. Wofufuza alembe dzina lililonse limene akulidziwa, onse atuluke. Mapu nawo adzijambula okha, chifukwa malo a pa mapu ali kale ku Wikidata, sindikufunika kuwafunafuna ndekha.

## Batani limene ndinadina

Pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenRefine imene imathandiza pa ntchito imeneyi. Umaipatsa tebulo lako la mayina, iyo imakafunsa ku Wikidata dzina lililonse, n'kukubweretsera zinthu zingapo zimene zikufanana nalo, chilichonse ndi mapointi ake. Iwe ndi amene umayenera kusankha cholondola.

Inali cha m'ma 11 koloko usiku, bandulo inali pafupi kutha, ndipo mndandanda unali wautali. Ndinaona kuti pali njira yongouza pulogalamuyo kuti itenge chimene chili pamwamba pa dzina lililonse. Ndinadina. Pa mphindi imodzi, ntchito ya masabata inaoneka ngati yatha. Ndinagona ndikudzitama.

Pulogalamu sinalakwe kanthu. Ndinaifunsa kuti "Broken Hill ali kuti?" osaiuza dziko, ndipo inandiyankha zoona: Broken Hill ndi tauni ya migodi ku New South Wales, ku Australia. Broken Hill wa agogo anga ndi Kabwe wa lero. Azungu anaupatsa dzinalo potengera wa ku Australia yemweyo, chifukwa anapezako miyala ya mtovu ndi zinki yofanana ndi ya kumeneko. Dzina la ku Zambia linasintha, la ku Australia likadalipo, ndiye makina anatola limene lili moyo.

Azakhali atagona, ndinayang'ana mapu onse bwinobwino. Amuna amene ankaphika m'nyumba za azungu ku Salisbury, mzinda umene unakhala Harare mu 1982, ndinali nditawatumiza ku Salisbury wa ku England. Ena a ku Blantyre anali ku Scotland, m'tauni imene David Livingstone anabadwira, komwe amishoni anatenga dzina pokhazikitsa Blantyre wathu mu 1876. Mayina amene atsamunda anabwera nawo kuno anali atanyamula makolo athu n'kubwerera nawo kwawo.

Ndinachotsa mapuwo usiku womwewo.

## Kubwereza ndi manja

Ndinayambiranso, ulendo uno dzina limodzi limodzi. Ndinawonjezera danga la dziko m'tebulo kuti pulogalamu isamapitenso kutsidya la nyanja. Zinanditengera madzulo a masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo ndi momwe ndinaphunzira zimene batani lija linandibisira.

Mwachitsanzo, pepala likati "Dedza", likunena tauni kapena boma lonse? Ku Wikidata zimenezi ndi zinthu ziwiri, chilichonse ndi nambala yake. Munthu wa kwathu akati "kwathu ndi ku Dedza" nthawi zambiri satanthauza pa tauni, akhoza kukhala wa kumudzi wa makilomita ambiri kuchoka pamenepo. Ndinaganiza kuti pokhapokha pepala litanena momveka, ndizimangirira ku boma.

Blantyre ndiye anandizunguza kwambiri. Anthu ochuluka modabwitsa analembedwa kuti kwawo ndi ku Blantyre, koma ukafunsa zidzukulu umamva kuti anali a ku Chiradzulu, ku Mulanje, ena ngakhale a ku Mozambique. Kalaliki wa kunja ankangodziwa Blantyre, kapena munthuyo ankatchula kumene anakwerera ulendo. Si pachabe kuti ku Zimbabwe anthu ochokera kuno ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre. Ndikanamangirira onsewo ku nambala ya Blantyre, ndikanatenga ulesi wa kalaliki wa zaka 70 zapitazo n'kuusandutsa choonadi cha pa intaneti.

Kuyambira pamenepo tsamba lililonse lili ndi mizere itatu pamene kale panali umodzi. Woyamba ndi zimene pepala likunena, ndendende mmene zinalembedwera, ngakhale zolakwika. Wachiwiri ndi malo amene tikukhulupirira kuti ndi omwewo lero, ndi nambala yake. Wachitatu ndi amene watiuza: chitupa, kalata, kapena mwana wa malemu. Pamene sitikudziwa, mzere wachiwiri timausiya wopanda kanthu. Poyamba mipata imeneyi inkandinyansa m'maso. Pano ndimaikhulupirira kuposa mizere ina yodzaza.

## Foni ya ku Mufakose

Patapita miyezi iwiri, Loweruka m'mawa ndikuchapa, foni inalira pa WhatsApp. Nambala ya ku Zimbabwe. Anali mayi wachikulire, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona, mawu ena akumveka ngati a m'nyimbo zakale za kutchalitchi.

"Pepani bambo, ndinu a webusayiti ija ya machona?"

"Ndine amene, mayi."

"Ine ndabadwira kuno ku Mufakose. Ku Malawi sindinapondeko. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, anangotisiyira chitupa. Palembedwa Port Herald. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa anthu ochokera kwanuko, aliyense akuti malo amenewo sakuwadziwa. Ndinafika poganiza kuti mwina bambo ananama."

Mdzukulu wawo ndi amene analemba "Port Herald" m'kabokosi kathu kofufuzira. Kale akanapeza masamba awiri kapena atatu okha amene ali ndi mawu amenewo. Tsopano anatuluka onse a ku Nsanje, kuphatikizapo tsamba limene bambo wina wa ku Bangula analemba chaka chathachi za amalume ake amene anapita ku Halale osabwerera. Iye analemba "Nsanje" basi, dzina lakalelo sankalidziwa n'komwe. Dzina la munthu linali lofanana, mfunda wofanana, zaka zikugwirizana.

"Ndiye ndimati ndifunse," anatero mayiwo, mawu akunjenjemera, "Nsanje ameneyu ndi Port Herald yemweyo?"

"Ndi yemweyo, mayi. Ali kumunsi kwenikweni kwa dziko, m'mbali mwa Shire."

Anakhala chete. Ndinkamva wailesi ikulira chapatali m'nyumba mwawo. Kenako anati, "Ndiye kuti bambo sananame."

Ine sindinawalumikize ndi bambo wa ku Bangula nthawi yomweyo. Ndinayamba ndamufunsa ngati akulola kuti ndipereke nambala yake. Analola. Zimene anakambirana ndi zawo, ndipo sindikudziwa ngati n'zotheka kutsimikiza ubale ndi mapepala awiri okha. Chimene ndinaona ine n'chakuti tsamba la bambo a mayiwo ndi la amalume aja anakhala moyandikana chaka chathunthu m'kompyuta imodzi osaonana, ndipo chimene chinawakumanitsa ndi kanambala kamene palibe aliyense wa iwo anakaona.

Zovala ndinaziiwala m'beseni mpaka masana.

## Zimene tinakana kupereka

Nkhaniyi itamveka m'gulu, anthu anatenthedwa. Mnyamata wa ku Cape Town uja anati tisaime pamenepa, tikweze mayina onse a makolo athu ku Wikidata, aliyense akhale ndi Q yake, dziko lonse liwadziwe. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Zinkamveka ngati chilungamo: anthu amene anakumba golide wa ku Joni ndi malasha a ku Wankie alembedwe pamene mabwana awo analembedwa.

Zinthu ziwiri zinandibweza. Choyamba ndi malamulo a nkhokweyo. Wikidata imafuna kuti chinthu chikhale chotsimikizika ndi maumboni odalirika amene aliyense angawapeze, ndipo chitupa chimene chili m'sutikesi ya munthu ku Mchinji si umboni wotero. Chachiwiri n'chachikulu. Zonse za mu Wikidata zili pansi pa chilolezo chotchedwa CC0, kutanthauza kuti ukaikamo kanthu wapereka kwa aliyense, achite nako chimene akufuna, osakupempha komanso osakutchula. Makampani amakopera, mapulogalamu amakopera. Ngakhale utadzachotsa mawa, makope apita kale.

Ndinawaimbira Azakhali kuwafotokozera, mwachidule mmene ndikanathera. Anandimvetsera, kenako anafunsa funso limodzi.

"Pa tsamba la bambo paja unalembapo za mayi a ku Broken Hill aja?"

Ndinali nditalembapo. Agogo anali ndi banja lina ku mgodi, ana awiri. M'banja mwathu aliyense wamkulu amadziwa, koma sitinkakamba.

"Zimenezo ndinakuuza iwe," anatero. "Sindinauze dziko."

Tsiku lomwelo ndinabisa mzere umenewo, ndipo tinagwirizana m'gulu kuti ulalo wathu uziyenda motere: ife tizitenga manambala a malo, a migodi ndi a zochitika zodziwika kale, koma anthu athu azikhala kwathu, kumene banja likhoza kunena kuti chotsani ichi ndipo chichotsedwe. Ngozi ya ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, pa 4 April 1974, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndi mbiri ya dziko. Ndi imene inachititsa Kamuzu kuletsa Wenela kulemba anthu ntchito kuno. Masamba a anthu amene mabanja awo amati anali m'ndegemo tawamangirira ku chochitikacho. Koma kalata yomaliza imene mmodzi wa iwo analembera mkazi wake sichoka pa webusayiti yathu, ndipo amaiona ndi okhawo amene banja lawalola.

Sindikunena kuti tinangotenga osabweza. Ndikamafufuza malo ku Wikidata, ndinkapeza ena alibe dzina la Chichewa, ena alibe dzina lakale pa mndandanda wa mayina ena. Ndinatsegula akaunti n'kuyamba kuwonjezera, limodzi limodzi, pamene ndinali ndi umboni. Ndi ntchito yosaoneka, palibe amene amakuthokoza. Koma wina akadzafunsa makina za dzina lakale la tauni ya kwathu, mwina sadzatumizidwa kutsidya la nyanja ngati agogo anga.

## Mudzi wathu mulibe

Chatsala chimodzi chimene sindinachithetse. Maboma onse 28 alimo mu Wikidata, matauni alimo, koma midzi yambiri imene ili pa masamba athu mulibe. Wathu mulibenso. Ndipo keyala ya munthu wa kumudzi tonse tikuidziwa: mudzi, mfumu yaikulu, boma. Mudzi umatchedwa ndi dzina la mfumu yake, umagawikana anthu akachuluka, nthawi zina umasamuka. Nkhokwe zimenezi zimafuna kadontho kamodzi ndi dzina limodzi.

Ndinaganiza zoyamba ndi OpenStreetMap, mapu amene anthu wamba amajambula okha, kuti mudzi wathu uonekeko kaye. Pa Khirisimasi ndili kumudzi, ndinatenga foni n'kukaima pabwalo la mfumu kuti nditenge manambala a malowo. Azakhali anandipeza ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikudikira mvula.

"Ukutani pamenepo?"

"Ndikufuna ndiike mudzi wathu pa mapu, Azakhali. Kuti tsamba la agogo lizionetsa kumene anachokera."

"Ndiye waima polakwika. Bambo sanachokere pano."

Ananditsogolera kudutsa m'minda ya fodya, kuwoloka kadambo, ulendo wa mphindi makumi awiri. Tinafika pamalo pamene pali mitengo ya mango ikuluikulu isanu, pansi pali timilu ta dothi tomera udzu, ndi mphero yamwala yosweka pakati. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri ndili mwana osadziwa kuti ndi bwinja.

"Mudzi unali apa. Nyumba ya bambo inali pamene pali chulu apo. Tinasamuka iwo ali ku mgodi, atabwera anasochera, anachita kufunsa ana oweta mbuzi."

Ndinatenga manambala a malo onse awiri. A pabwalo la mfumu ndinawaika pa OpenStreetMap usiku womwewo, netiweki itabwera. A pabwinja ali m'foni mwanga mpaka lero. Ndawalemba pa mzere wachiwiri wa tsamba la agogo, opanda Q iliyonse, ndipo pa mzere wachitatu, pofunsa amene watiuza, ndinalemba kuti mwana wawo wamkazi, ataimirira pansi pa mango.